Nyanja Yophwa Kawiri pa Tsiku: Zolemba za Ulendo wa ku Vilankulo

Lachiwiri

Msewu wochokera ku Blantyre kudzafika kuno ndi wautali, koma sindiutayira mawu ambiri chifukwa si umene ndadzera. Tinatuluka m'dziko pa Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zóbuè, tinawoloka Zambezi pa Tete, tinatsetsereka kudzera ku Catandica ndi ku Chimoio mpaka pa Inchope, ndipo kuyambira pamenepo tinatsata msewu wa EN1 kulowera kummwera, kuwoloka mtsinje wa Save, mpaka pamphambano ya Pambarra, pamene pamatsala makilomita pafupifupi 20 kuti munthu aone nyanja ya mchere. Ine ndinakulira ku Senga Bay, pakhomo pamene ndiwo ndi fizi zinkachokera m'bwato, ndipo chimene ndadzera ndi kuona mmene anzathu a kuno amaphera nsomba m'madzi osaya a m'mphepete mwa nyanja yaikuluyi.

Malo ano ayenera kufotokozedwa kaye, apo ayi zonse zimene ndilembe m'masiku akubwerawa sizimveka. Kummawa kwa tawuni ya Vilankulo kuli zilumba zisanu. Chachikulu ndi Bazaruto, chimene m'litali mwake chimaposa makilomita 30, ndipo zinazo ndi Benguerra, Magaruque, Bangué ndi Santa Carolina. Zinayi mwa izo zinandanda pamzere kuchokera kumpoto kumka kummwera, kumene kuli mtunda wolowa m'nyanja wa São Sebastião, ndipo mzere umenewu ndi umene umatchinga mafunde aakulu ochokera kunyanja yakuya. Pakati pa zilumbazo ndi gombe pali madzi otetezeka amene mbali yake yaikulu sakuya kupitirira mamita 10, odzaza ndi milu ya mchenga, minda ya udzu wa pansi pa madzi, ndi ngalande zakuya zokhotakhota mmene madzi amalowera ndi kutulukira. Ambiri mwa asodzi a kuno safika kunja kwa zilumba, moyo wawo wonse amauthera m'kati muno.

Madzulo ano mwezi ukuoneka theka. Madzi anaphwa cha m'ma 4 koloko, koma anangosuntha pang'ono, ndipo ngalawa zambiri zinakhalabe zikuyandama pa anangula awo.

Lachitatu

Panyumba yogona alendo pamene ndafikira pali mnyamata wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia, amene Chichewa ndi chilankhulo chake chobadwa nacho, Chipwitikizi anaphunzira kusukulu, ndipo Chitswa cha eni dera lino anachitolera padoko. Iyeyo ndi amene wavomera kundimasulira, ndipo m'mawa uno wandipereka kwa mkulu wina, mwini ngalawa ya thanga, amene aliyense padoko amangowatcha kuti madala. Nditawauza kuti ndikufuna kudziwa nthawi imene amanyamuka kupita kukawedza, anaseka, n'kuloza kumwamba kumene kunalibe chilichonse chooneka.

"Achimwene, madala akuti kuno wotchi ndi mwezi," anatero mnyamatayo. "Akuti mukawafunsa za mawa akuuzani, koma yankho la mawa si la mkuja."

Kwathu nyanja imakwera ndi kutsika kamodzi pa chaka, malinga ndi mvula, ndipo kusiyana kwake kumakhala mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, moti msodzi wa ku Salima amasiya bwato pamalo amodzimodzi mwezi wonse. Kuno madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi ndi ya dzuwa. Kuchokera pa kudzaza kumodzi kufika pa kwina pamapita maola 12 ndi mphindi 25, zomwe zikutanthauza kuti tsiku lililonse zonse zimachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, mphamvu yake ndi ya dzuwa zimakokera kumodzi, ndipo madzi amakwera kwambiri n'kuphwanso kwambiri, kusiyana kwake kumafika mamita atatu ngakhale anayi. Masiku amenewo asodzi amawatcha maré viva. Mwezi ukakhala theka, monga sabata ino, mphamvu ziwirizo zimalimbana, madzi amangogwedezeka pang'ono, ndipo imeneyo ndi maré morta.

Pagombe lotsetsereka kwambiri mamita atatu si kanthu, koma pamalo athyathyathya ngati ano mamita atatu amasanduka mtunda wa makilomita, umene m'mawa ndi nyanja ndipo masana ndi mchenga woti munthu n'kuyendapo ndi njinga. Chinanso chimene madala anandiuza, ndipo ndachipeza chikugwirizana ndi tebulo la madzi limene lamatidwa pakhoma la sitolo ina yogulitsa mbedza, n'chakuti m'gombe lino masiku a maré viva madzi amadzaza m'bandakucha ndi chakumadzulo, n'kuphwa cha m'ma 10 koloko m'mawa, pamene masiku a maré morta zimatembenuka. Choncho munthu wa kuno akangoona mwezi usiku amadziwa kale ntchito imene agwire mawa, ngati ndi ya mbedza, ya khoka kapena yoyenda pansi kutola nkhono.

Lero padoko panali nsomba zochepa. Amayi ogula anakhala ndi mabeseni awo mpaka masana, ndipo ambiri anabwerera ndi mabeseni osafika theka. Madala akuti madzi akapanda kuthamanga nsomba zimachita ulesi kudya, ndipo iwo sanapite n'komwe, anathera tsikuli kusoka thanga.

Lachinayi

Tinanyamuka cha m'ma 8 koloko, madzi atayamba kudzaza mokwanira kunyamula ngalawa. Ngalawa ya madala ndi yamatabwa, yotakata, yosalowa kwambiri m'madzi, ndipo thanga lake ndi la makona atatu, losokedwa ndi zigamba za malona amitundu yosiyanasiyana. Kumbuyo kuli kainjini kakang'ono kamene amakaliza pokhapokha mphepo ikatha, chifukwa petulo amadya phindu lonse la ulendo. Pakati pa ngalawa pali bokosi la mchenga mmene amasonkhamo makala ophikira tiyi, ndipo mnyamata wamng'ono pa onse ntchito yake ndi kukapa madzi ndi chigubu chodula pakamwa. Pamene pali posaya kwambiri amatsitsa thanga n'kumakankha ndi mtengo wautali.

Chimene chandigwira mtima lero ndi mmene madala amawerengera pansi pa nyanja poyang'ana mtundu wa madzi. Pamene madzi akuoneka oyererako ndiye kuti pansi pali mchenga ndipo ndi posaya, pamene akuoneka obiriwira moderako ndiye kuti pali udzu, ndipo pamene achita buluu wakuda ndiye ngalande. Iwo amaima chilili kumbuyo, phazi lili pa chiwongolero, n'kumakhota pakati pa milu ya mchenga imene ine ndinkaiona titaipitirira kale. Anandiuza kuti luso limeneli limafuna dzuwa likhale pamwamba kapena kumbuyo kwa munthu, pakuti likakhala kumaso madzi onse amangonyezimira mofanana, ndipo n'chifukwa chake alendo ambiri obwera ndi maboti a injini zikuluzikulu amatsakamira pamchenga akamabwerera madzulo. Ngalandezo sizikhazikikanso, namondwe mmodzi amatha kutseka ina n'kutsegula ina, moti njira imene munthu anaidziwa chaka chatha amayenera kuiphunziranso.

Tinaponya nangula m'mphepete mwa ngalande ina chakumadzulo kwa Magaruque, pamalire pamene udzu umathera ndipo pansi pamayamba kutsetsereka. Kusankha malo amenewa kuli ndi chifukwa chake. Madzi akamadzaza, tinsomba ting'onoting'ono, nkhanu ndi camarão (tizilombo ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu, tathupi lalitali lopindika) zimakwera nawo kukadya mu udzu, ndipo nsomba zazikulu zimatsatira pambuyo. Akayamba kuphwa, zonsezo zimakakamizika kutsika, ndipo njira yake ndi imodzi, yodzera m'timifuleni tolowa m'ngalande, pamene zazikuluzo zimangodikira pakhomo. Msodzi wodziwa amaika nyambo yake pakhomo pomwepo. Kathamangidwe ka madzi nakonso sikafanana m'maola asanu ndi limodzi a kuphwa, chifukwa m'ola loyamba ndi lomaliza amayenda pang'onopang'ono, pamene m'maola awiri apakati mumadutsa pafupifupi theka la madzi onse.

Zipangizo zake n'zosavuta: chingwe cha nayiloni chokulungidwa pa kathabwa, mbedza ziwiri, pulagi yakutha ya galimoto m'malo mwa chitsulo chomiza, ndi nyambo ya lula (nyama yofewa ya m'nyanja yokhala ndi miyendo yambiri kumutu) yodula mizeremizere, imene imakondedwa chifukwa ndi yolimba ndipo sichoka msanga pa mbedza. Madzi atadzaza n'kuima, kwa nthawi ndithu palibe chimene chinagwira, ndipo tinamwa tiyi. Atangoyamba kutsika, zingwe zinayamba kunjenjemera. Zambiri zinali nsomba za ladrão, zamlomo wosongoka, zotalika ngati chikhatho ndi theka, pamodzi ndi garoupa mmodzi wamawangamawanga amene anafuna kuthawira kumiyala. Kenaka chingwe cha mmodzi wa anyamata chinathamanga mwamphamvu mpaka kumucheka chala, ndipo atalimbana nayo anakweza xaréu, nsomba yasiliva yathupi lophwatalala ndi mchira wa mphanda, imene mphamvu zake sindinazionepo pa nsomba iliyonse ya msinkhu umenewo kwathu. Madala sanasangalale mopitirira, anangoti ikanakhala sabata yamawa zikanakhala zingapo.

Tinachoka nsomba zikadyabe, ndipo ine ndinadabwa. Yankho linali lakuti tikachedwa ndi theka la ola, mulu wa mchenga umene tinadutsa pobwera ukhala utatuluka, ndipo tigona pomwepo mpaka madzi a usiku.

Lachisanu

Usiku mphepo inatembenuka n'kuyamba kuwomba kuchokera kummwera, yozizira ndi yamphamvu, ndipo m'mawa uno palibe ngalawa imene yatuluka. Mphepo imeneyi imadza ndi mafunde a mpweya wozizira ochokera kunsonga ya kummwera kwa Africa, amene amakwera ndi gombe lonse, ndipo ikayamba imatha masiku awiri kapena atatu. Aliyense wokulira kunyanja kwathu angaizindikire, chifukwa khalidwe lake ndi la Mwera. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno mphepo ili ndi mnzake woipitsa zinthu, ndiye kuthamanga kwa madzi. Mphepo ikamawomba kumene madzi akulowera, nyanja imakhala yopiririka, koma madzi akatembenuka n'kuyamba kulimbana nayo, mafunde amafupika n'kuima chilili, makamaka m'mipata ya pakati pa zilumba monga wa pakati pa Bazaruto ndi Benguerra. Malo amene anali abata m'mawa amatha kumiza ngalawa masana mphepo isanawonjezere mphamvu ngakhale pang'ono.

Anyamata a padoko anaidziwa dzana poyang'ana pa foni, madala anaidziwa dzulo poona mitambo yopyapyala ndi kutentha kwa bata kumene kunaliko masana, ndipo wailesi inalengeza chenjezo la INAM, nthambi ya boma yoona zanyengo. Tsiku lathera pansi pa mitengo, anthu akusoka maukonde ndi kukamba za anamondwe. Amakumbukira Favio, amene anagwetsa nyumba zambiri m'tawuni ino mu February 2007, ndiponso Freddy, amene anatera pafupi ndi pano pa 24 February 2023, n'kubwereranso kunyanja, asanakaterenso cha ku Quelimane mu March ndi kukapha anthu athu ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Nditawauza za Chilobwe anakhala chete, kenaka mmodzi anati iwo anataya ngalawa ndi maukonde, ndipo sankadziwa kuti mphepo yomweyo inakagumula mapiri.

Loweruka

Mphepo yachepa koma madzi ndi ovunduka. Pamalo osaya mafunde amafika pansi n'kutakasa mchenga ndi matope, moti nyanja imene Lachinayi tinkaona pansi pake lero yachita mbuu. Kwa owedza ndi mbedza ndiponso kwa odumphira pansi ndi mikondo, tsiku lotere ndi lotayika. Kwa eni makoka ndi tsiku labwino, chifukwa nsomba siziona ukonde msanga. Ndinatsatira gulu lina limene linapita kukakoka pa mulu wa mchenga kummwera kwa tawuni, madzi ataphwa cha m'ma 7 koloko.

Kakokedwe kake ndi komwe timakadziwa kwathu. Chingwe chimodzi amachisiya pamchenga, ngalawa imazungulira ikutsitsa ukonde, n'kubwerera ndi chingwe chachiwiri, ndipo magulu awiri a anthu amakoka chobwerera m'mbuyo, aliyense atamangirira lamba wa m'chiuno ku chingwe, wofika kumapeto n'kumasula kukayambiranso kutsogolo. Ntchitoyi inatenga maola oposa awiri. Thumba la khoka litafika pamchenga, anthu onse anaunjikana, ndipo ine ndinagwada kuti ndione bwino zimene zinali m'katimo. Munali pescadinha, salmonete za ndevu ziwiri pachibwano, lula zingapo zikulavula inki yakuda, nkhanu za miyendo yabuluu, ndi peixe-coelho zambiri, zimene amayi ankazigwira mosamala chifukwa minga yake ya pamsana ili ndi ululu. Munalinso ana a ladrão, nsomba yomwe ija tinkawedza Lachinayi, koma otalika ngati chala. Ndipo choposa nsomba zonse kulemera kwake chinali udzu, wozulidwa ndi mizu yomwe, umene anaukankhira pambali n'kuusiya mulu.

Udzu umenewu si zinyalala. Ndi chomera chenicheni chokhala ndi mizu ndi maluwa, chimene chimagwira mchenga kuti usamayende, ndipo ndi mmene ana a nsomba zambiri za m'nyanja amabisala ndi kudya asanakule n'kupita kumiyala ya kunja. Chingwe cholemera cha pansi pa khoka chikamadutsa pamalo amodzimodzi sabata ndi sabata, udzu umatha, mchenga umayamba kuvunduka ndi kamphepo kalikonse, ndipo madzi ovunduka amatchinga dzuwa limene udzu wotsalawo umafuna. Ife a ku Malawi nkhani imeneyi sitiyenera kuchita kuuzidwa. Ku nyanja ya Malombe, imenenso ndi yosaya, makoka a maso aang'ono anasesa zomera za pansi pamodzi ndi ana a nsomba, chambo chinagwa kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, ndipo makomiti a m'madoko amene anayambika kumeneko mu 1993 anabwera zinthu zitaonongeka kale.

Malamulo a usodzi wa m'nyanja ya mchere amene boma la Mozambique linakhazikitsa mu 2020 analamula kuti makoka okokera pagombe athetsedwe patapita zaka zochepa zokonzekera, ndipo m'madoko muli makhonsolo a asodzi otchedwa CCP amene amayenera kuthandiza kusunga malamulowo. Kuona kwanga n'kwakuti lamulolo ndi lolondola, koma silinayankhe funso limene ndinaliona ndi maso lero. Khoka limodzi linadyetsa anthu oposa makumi awiri, ena mwa iwo okalamba ndi amayi amasiye amene alibe ngalawa, alibe mbedza, ndipo chimene ali nacho ndi msana wokokera chingwe. Mwini khoka anatenga gawo lake lalikulu, okoka anagawana chotsala, ndipo ngakhale mwana amene anangogwira chingwe kumapeto anapita ndi nsomba za m'manja. Ngalawa ya mbedza imanyamula anthu asanu okha, ndipo onse ayenera kukhala amphamvu.

Lamulungu

Lero ambiri apuma, ndipo ine ndacheza ndi mnyamata wa ku Ulongwe uja za malire a paki. Zina mwa zilumbazi ndi madzi ozizungulira ndi malo otetezedwa kuyambira mu 1971, malowo anakulitsidwa mu 2001 n'kuphatikiza zilumba zonse, kufika pa masikweya kilomita 1,430, ndipo kuyambira mu 2017 akuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi ANAC, nthambi ya boma yoona za malo otetezedwa. Bungweli ndi lomwe lija likuyendetsa Majete, Liwonde ndi Nkhotakota kwathu. Anthu okhala pazilumba amaloledwa kupha nsomba mwa njira zina, pamene m'malo ena, monga pamiyala ya makorali, saloledwa n'komwe.

Chifukwa chachikulu cha chitetezochi ndi dugong, nyama yoyamwitsa ya m'madzi imene imadya udzu womwe uja, ndipo imayenera kutulutsa mphuno pamwamba mphindi zingapo zilizonse kuti ipume. Imabereka mwana mmodzi itatenga bere kopitirira chaka, n'kupuma zaka zingapo isanaberekenso, moti imfa ya zazikazi zochepa chabe pa chaka imakwanira kutsitsa mtundu wonse. Mu 2022 bungwe la IUCN, loona za kasamalidwe ka zachilengedwe padziko lonse, linaika ma dugong a kummawa kwa Africa m'gulu la nyama zotsala pang'ono kutheratu, ponena kuti zazikulu zotsala sizifika 250, ndipo pafupifupi zonse zili m'madzi ano. Chimene chimazipha kwambiri ndi matchera a maso aakulu otchera shaki, amene dugong ikakodwamo imamira. Madala akuti m'moyo wawo wonse anaionapo kangapo chabe, koma njira zimene imasiya mu udzu ikamadya amaziona kawirikawiri madzi akaphwa.

Lolemba

Mwezi watsala pang'ono kukhala wathunthu, ndipo m'mawa uno nyanja inachoka. Cha m'ma 9 koloko ngalawa zonse za padoko zinali zitagona chammbali pamchenga, zingwe za anangula zili lende, ndipo madzi ankaoneka kutali ngati kamzere. Apa ndi pamene ndinaona asodzi amene mabuku a boma sawawerenga kawirikawiri. Amayi ndi atsikana anatsika m'magulu, zitenje atazikwinyira m'chiuno, ndowa ndi madengu pamutu, nkhope atapaka zoteteza ku dzuwa, n'kumwazikana pa udzu wotuluka uja monga mmene amayi a kwathu amamwazikirana kudimba.

Ndinatsagana ndi gulu lina, ndipo mayi wina wachikulire anandilangiza kudzera mwa mnyamata uja. "Bambo, mayi akuti musanyamule mapazi, muziwakhwekhwereza," anatero. M'timadziwe totsalira mumabisala raia, nsomba yophwatalala imene imadzikwirira mumchenga ndipo ili ndi munga kumchira. Munthu akaiponda pamsana imabaya, koma akaigunda m'mbali ndi phazi lokhwekhwereza imathawa yokha.

Chimene amafuna kwambiri ndi mapalo, nkhono za zigoba ziwiri zimene zimamatirira mu udzu. Mayiyo ankazipeza ndi zala pamene ine ndinkangoona udzu, n'kuzithothola imodziimodzi, zazing'ono n'kuzisiya. Anadandaula za anthu ena amene amabwera ndi zokokera zachitsulo, zimene zimadzaza thumba msanga koma zimazula zonse, ndipo anati pamalo pamene padutsa chitsulo sipabwereranso kanthu kwa nthawi yaitali. Atsikana ankasaka nkhanu ndi timitengo tosongoka, akuyang'ana timaso tiwiri totuluka mumchenga. Kunyumba mapalo amawawiritsa kuti zigoba zitseguke, nyama yake n'kuiyanika padzuwa, ndipo kuseri kwa nyumba zambiri za m'mphepete muno kuli milu ya zigoba yofika m'chiuno.

Ntchito imeneyi ili ndi masiku ake ochepa, asanu kapena asanu ndi limodzi pa maré viva iliyonse, kawiri pa mwezi, ndipo tsiku lililonse ili ndi maola atatu kapena anayi okha. Kuopsa kwake kuli pobwerera. Madzi akamadzaza sabwera kuchokera kutsogolo kokha, amayamba adzaza timifuleni ta kumbuyo, pakati pa munthu ndi gombe, moti wotanganidwa ndi kutola amadzazindikira ali pachilumba chimene chikucheperachepera. Mayi uja sanayang'ane wotchi kapena nyanja, anangoona kuti udzu wa m'kamfuleni kena wayamba kugonera kumtunda, n'kuitana anzake onse. Powoloka kamfuleni komaliza madzi anali m'mawondo, pamene popita tinadutsapo pouma.

Lachiwiri

Mwezi ndi wathunthu. Tinatulukanso ndi madala masana, madzi akudzaza, ndipo ngalande yomwe ija ya Lachinayi inali itasanduka mtsinje wolusa. Pulagi imodzi sinathenso kufikitsa nyambo pansi, anachita kumangirira zitatu, ndipo nangula anakhwekhwereka kawiri asanagwire. Pa maré viva nthawi yabwino yowedza imafupika, imakhala pamene madzi ayamba kumene kuyenda ndi pamene atsala pang'ono kuima, chifukwa pakati pake chingwe chimangoyandama. Koma m'kanthawi kochepako nsomba zimadya mwaukali. Tinaona tinsomba tikudumpha pamwamba pothawa, mbalame zikugwera pomwepo, ndipo anyamata anakweza xaréu zingapo motsatizana. Pobwerera anakoka chingwe kumbuyo kwa ngalawa chokhala ndi kawaya kumapeto, n'kugwira serra, nsomba yaitali ya mano akuthwa amene amadula nayiloni, ndipo ndi imene ili ndi mtengo wabwino kuposa zonse m'malo odyera alendo.

Kwathu mwezi ukawala asodzi a usipa amapuma, chifukwa nyali zawo sizikopa kanthu, ndipo mtengo wa usipa umakwera. Kuno masiku omwewo ndi amene doko limadzaza, pakuti owedza, okoka ndi otola onse amakhala ndi chogulitsa, ndipo mtengo umatsika. Mwezi womwewo ukulamula misika iwiri mosiyana, ndipo wamalonda wodziwa zimenezi amasunga ndalama zake kudikira masiku ano.

Lachitatu

M'mawa ndinapita kumsika kukaona kumene nsomba za dzulo zathera. Vuto lalikulu la doko lino ndi kutentha. Nsomba ya m'madzi ofunda ikakhala maola angapo pansi pa ngalawa yopanda ayisi imafika kumtunda maso atachita kale mbuu, ndipo ogula ochokera kutali, amene amanyamula serra, garoupa, lula ndi nkhanu m'mabokosi a ayisi kupita nazo ku Maputo, mtunda wa makilomita pafupifupi 700, amasankha zokhazo zimene makha ake akadali ofiira. Zotsala amazing'amba, kuzithira mchere ndi kuziyanika, n'kukhala bakayawo wopita kumidzi ya kumtunda. M'mafiriji a m'sitolo za m'tawuni yomwe ino muli carapau wouma ndi chisanu wochokera kunja kwa dziko, ndipo mabanja ambiri, ngakhale a asodzi, amagula ameneyo chifukwa nsomba yabwino ya pakhomo pawo ndi yogulitsa.

Ndinakatsanzika kwa madala chakumadzulo, ndipo ndinawapeza ali ndi anyamata awo m'madzi ofika pachifuwa, akukankhira ngalawa kumtunda. Lero ndi limodzi la masiku amene madzi amakwera kwambiri pa mwezi uno, ndipo iwo anadikira tsiku limeneli kuti aikweze pamwamba penipeni pa gombe, n'kuitchinjiriza ndi mitengo mbali zonse. M'masiku akubwerawa madzi azilephera kuifika, ndipo ikhala pouma mpaka maré viva ya mwezi wa mumdima, patapita pafupifupi masabata awiri. M'masiku amenewo achotsa thabwa limodzi lofumbwa ndi nyongolotsi za m'nyanja, atseka mipata ndi thonje loviika m'mafuta, n'kupaka phula pansi ponse. Anyamata awiri apeza kale malo pa ngalawa ya mlamu wawo, ndipo wamng'ono uja, wokapa madzi, atsala kuti azipala nkhono zomatirira ku matabwa.